Milungu Isanu ndi Umodzi Yolimbana ndi Masamu: Zimene Zimachitika ku Maphunziro a Patchuthi ku America

Ku United States chaka cha sukulu chimatha kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, ndipo ana sabwereranso m'kalasi mpaka kumapeto kwa Ogasiti kapena kuchiyambi kwa Seputembala. Ndi tchuthi chachitali, cha milungu khumi kapena kuposerapo, ndipo chimagwa m'nyengo yotentha. Pa nthawi imeneyi nyumba zogona ophunzira m'mayunivesite zimakhala pululu, m'malabotale muli zii. M'malo osiyidwa amenewa ndi mmene mumalowa anyamata ndi atsikana a kusekondale, a zaka 15, 16 kapena 17, atanyamula zikwama zawo, kudzakhala milungu inayi kapena isanu ndi umodzi akuphunzira masamu ndi sayansi.

Munthu akamva koyamba amayesa kuti ndi makalasi obwereza zimene ana sanamve, kapena owathamangitsa kuti amalize silabasi msanga. Alipo otero. Koma mapulogalamu amene akhala zaka makumi ambiri osafa amachita ntchito ina, ndipo kuti timvetse ntchitoyo tiyambe taona pamene ophunzira amapunthwa akalowa koleji.

Tengani mwana amene ankakhoza masamu kusekondale. Aphunzitsi ankalemba njira pa bolodi, iye n'kuchita masamu makumi awiri ofanana ndi chitsanzocho, iliyonse n'kutha m'mphindi zitatu. Zaka zinayi za moyo wotere zimamuphunzitsa chinthu chimodzi chimene palibe anachinena pakamwa: samu ikatenga mphindi khumi osatheka, ndiye kuti iweyo mutu wako sukugwira. Kenako afika ku yunivesite, akhala m'holo ya anthu mazana angapo, apatsidwa funso limene chitsanzo chake mulibe m'buku. Ayesa, chikana. Ayesanso usiku, chikanabe. Ambiri pamenepa amangoti masamu si anga, n'kusintha maphunziro. Nzeru anali nazo, koma palibe anawauzapo kuti kukhala masiku awiri funso likukukana ndi mmene ntchitoyi imagwiridwira, ngakhale ndi akatswiri omwe.

Palinso vuto lachiwiri, looneka ndi maso. Clifford Adelman, wofufuza wa ku unduna wa zamaphunziro wa dzikolo, anatsatira mbiri ya maphunziro ya ophunzira zikwi zambiri, n'kutulutsa zimene anapeza mu 1999 ndiponso mu 2006. Anaona kuti pa maphunziro onse a kusekondale, masamu amene mwana anafikapo ndiwo amalosera bwino ngati adzamalize digiri. Amene anapitirira kalasi yotchedwa Algebra 2 anali ndi mwayi womaliza woposa kawiri poyerekeza ndi amene analekezera pomwepo. Chovuta n'chakuti pafupifupi theka la masukulu a sekondale a dzikolo saphunzitsa n'komwe calculus, masamu apamwamba owerengera mmene zinthu zimasinthira, ndipo ambiri mwa masukulu amenewa ali m'madera a anthu osauka. Mwana sangakwere makwerero amene pasukulu pake palibe.

Mavuto awiriwa ndiwo anabala mitundu iwiri ya mapulogalamu a patchuthi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mbiri yakeyake.

Mantha a Sputnik

Pa 4 Okutobala 1957 dziko la Soviet Union linaponya m'mlengalenga Sputnik, setilaiti yoyamba yopangidwa ndi anthu. Anthu a ku America anagwidwa nthumanzi: kodi tatsalira? Ndalama zinayamba kutuluka, makamaka kudzera ku bungwe la boma la National Science Foundation, zolipirira maphunziro a patchuthi a aphunzitsi komanso a ana a kusekondale ooneka kuti ali ndi luso.

M'chaka chomwecho Arnold Ross, katswiri wa masamu amene anabadwira ku Chicago koma anakulira ku Odessa, anayambitsa pulogalamu yake ku yunivesite ya Notre Dame. Mu 1964 anaisamutsira ku yunivesite ya Ohio State, ndipo anaiyendetsa yekha mpaka chaka cha 2000, ali ndi zaka zoposa 90. Mfundo yake inali yoti munthu aziganiza mozama pa zinthu zooneka zosavuta. N'chifukwa chake sanasankhe calculus kapena masamu a maina oopsa. Anasankha nambala wamba, 1, 2, 3, zimene mwana aliyense amayesa kuti amazidziwa kale.

Tsiku la kumeneko n'losavuta kulifotokoza. M'mawa kuli phunziro limodzi la ola limodzi. Kenako aliyense apatsidwa pepala la mafunso, basi, tsiku lonse ndi lake. Palibe buku la mayankho. Ana amagawidwa m'timagulu, ndipo kagulu kalikonse kali ndi mlangizi, kawirikawiri wophunzira wa ku yunivesite, amene amawerenga zimene alemba n'kuwabwezera atalembapo mafunso ena. Masiku oyamba mwana amauzidwa kuti apereke umboni woti nambala iliyonse ukaichulukitsa ndi 0 yankho ndi 0. Amaseka, kenako amazindikira kuti sakudziwa poyambira.

Kuti mumve kukoma kwake, nali funso la mtundu umene amakumana nawo. Pali nambala zotchedwa ma prime, zimene sizigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29 ndi zina zotero. Palinso masikweya, nambala zimene timapeza tikachulukitsa nambala ndi iyo yomwe: 1, 4, 9, 16, 25. Funso ndi ili: ndi ma prime ati amene tingawapeze pophatikiza masikweya awiri? Mwana ayamba kuyesa. 2 ndi 1 kuphatikiza 1. 5 ndi 1 kuphatikiza 4. 13 ndi 4 kuphatikiza 9. 17 ndi 1 kuphatikiza 16. 29 ndi 4 kuphatikiza 25. Koma 3, 7, 11, 19 ndi 23 zikukana, ngakhale azitembenuze bwanji. Atalemba mizere iwiriyi n'kuiyang'anitsitsa, mwina kwa ola lathunthu, aona kanthu: zonse zotheka, kupatula 2, ukazigawa ndi 4 pamatsala 1, pamene zokana zija pamatsala 3.

Kusekondale nkhani ikanathera pomwepa. Kuno ndi pamene yayamba, chifukwa mlangizi angofunsa kuti, "Wadziwa bwanji kuti zidzatero mpaka kalekale? Wayesa nambala khumi zokha." Theka la yankho mwanayo angalipeze yekha usiku womwewo. Sikweya ya nambala yogawika ndi 2 imagawika ndi 4, sipatsala kanthu. Sikweya ya nambala yosagawika ndi 2, monga 9, 25 kapena 49, ukaigawa ndi 4 pamatsala 1 nthawi zonse. Choncho ukaphatikiza masikweya awiri, chotsala chingakhale 0, 1 kapena 2, koma 3 ayi. Nambala zopanda malire zagonja ndi mizere itatu ya papepala. Theka linalo, loti prime aliyense wotsalira 1 amathekadi, ndi phiri lenileni. Pierre de Fermat analinena mu 1640, ndipo panadutsa zaka zoposa 100 kuti Leonhard Euler apereke umboni wake. Mwana wa zaka 16 amafika pamenepo patapita milungu, atakwera pang'onopang'ono kudzera m'mafunso ang'onoang'ono amene anakonzedwa mwadala kuti amufikitse.

Ine ndimaona kuti phindu lonse lagona apa. Mwanayo sanaphunzire chilichonse chimene chidzabwere pa mayeso olowera koleji. Koma waphunzira kukhala ndi funso masiku angapo osataya mtima, kusiyanitsa "ndikuona ngati" ndi "ndatsimikiza", ndi kulemba maganizo ake momveka kuti wina awatsutse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku ndi kumene holo ya calculus ija imafuna kwa munthu popanda kumuphunzitsa.

Njira ya Ross inabala ana. Glenn Stevens ndi David Fried, amene anadutsamo ali achinyamata, anayambitsa PROMYS ku Boston University mu 1989. Palinso mapulogalamu ena a masamu: ku Hampshire College, David Kelly anayambitsa pulogalamu yake mu 1971, yotchuka ndi nthabwala zake za nambala 17. Canada/USA Mathcamp inayamba mu 1993.

Kumbali ya sayansi, chitsanzo chokoma ndi Summer Science Program, imene inayamba mu 1959 pa sukulu ya Thacher ku Ojai, m'chigawo cha California. Ana amaikidwa atatuatatu, n'kupatsidwa mwala umodzi wa mumlengalenga wozungulira dzuwa, ija amati asteroid. Usiku amaujambula ndi telesikopu, kuyeza pamene uli pakati pa nyenyezi, kenako n'kulemba okha pulogalamu ya pakompyuta yowerengera njira yonse imene mwalawo umayenda. Masamu ake ndi a Carl Friedrich Gauss, amene mu 1801 anawerengera kumene Ceres, mwala wina waukulu wa mumlengalenga, adzaonekerenso atasowa m'kuwala kwa dzuwa, ndipo akatswiri atalozetsa matelesikopu awo kumeneko anamupezadi. Kuti ntchitoyi itheke mwana amafunika calculus, fizikisi ndi luso la kompyuta pa nthawi imodzi, ndipo amaziphunzira chifukwa mwalawo sudikira. Mitambo ikaphimba thambo usiku wanu, mwataya. Manambala akakana kugwirizana, palibe tsamba la kumapeto kwa buku lokaonera.

Research Science Institute, imene Admiral Hyman Rickover ndi Joann DiGennaro anayambitsa mu 1984 ndipo imachitikira ku yunivesite ya MIT, imapita patsogolo pang'ono: mwana amalowa m'labotale yeniyeni pansi pa wofufuza, n'kumaliza ndi lipoti lolembedwa ndi kulankhula pagulu. Ndi yaulere, koma malo ndi pafupifupi 100 okha pachaka, ndipo opikisana ndi ochokera m'maiko ambiri.

Khomo la amene sanaitanidwe

Mtundu wachiwiri unabadwa ndi funso lina. Oyamba aja amafunafuna mwana amene luso lake laoneka kale. Nanga amene luso lake silinapeze pooonekera?

Mu 1964 boma la Pulezidenti Lyndon Johnson linakhazikitsa lamulo la Economic Opportunity Act ngati gawo la nkhondo yolimbana ndi umphawi, ndipo m'lamuloli munatuluka Upward Bound, imene inayamba kugwira ntchito mu 1965. Pamodzi ndi mapulogalamu ena awiri amene anabwera pambuyo pake inapatsidwa dzina loti TRIO. Mu 1990 kunawonjezeredwa nthambi yoona za masamu ndi sayansi zokha, Upward Bound Math and Science. Boma limapereka ndalama ku makoleji ndi mabungwe, iwo n'kumatenga ana a m'masukulu oyandikana nawo. Lamulo limati pa ana atatu alionse, awiri akhale ochokera m'mabanja osauka komanso amene makolo awo alibe digiri. Kusauka kwake kumayezedwa: ndalama za banja zokhomeredwa msonkho zisapitirire 150 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limaika. Mwana salipira kanthu, ndipo angalandire kandalama kochepa, kosapitirira madola 60 pamwezi m'miyezi ya tchuthi ndi madola 40 m'miyezi ina.

Milungu isanu ndi umodzi ya pakoleji imakhala ndi makalasi a masamu, sayansi ya m'labotale, kulemba, ndiponso chilankhulo china. Koma pali maphunziro ena amene sali pa ndandanda. Mwana amene makolo ake anapita ku yunivesite amamva za moyo wa kumeneko pa nthawi ya chakudya chamadzulo. Amadziwa kuti pulofesa amakhala ndi maola oti wophunzira aliyense angagogode pa ofesi yake, kuti fomu ya FAFSA yopemphera thandizo la ndalama iyenera kudzazidwa nthawi isanathe, kuti mtengo wolembedwa pa kabuku ka koleji si umene osauka amalipira. Woyamba m'banja lake zonsezi sazidziwa, ndipo sadziwanso kuti sazidziwa. Kugona pakoleji milungu ingapo, kusochera pofuna laibulale, kulankhula ndi pulofesa n'kupeza kuti ndi munthu ngati wina aliyense, kumachotsa mantha amene buku silingachotse. Chinanso chachikulu n'chakuti Upward Bound simatha tchuthi chikatha. Ana amapitiriza kukumana ndi alangizi awo m'kati mwa chaka, kawirikawiri mpaka amalize sekondale.

Pakati pa mitundu iwiriyi pali ena osakaniza. MITES ya ku MIT, imene inayamba mu 1975, ndi yaulere, imafuna ana akhama ochokera m'mabanja ndi m'madera amene satulutsa mainjiniya ambiri, koma ntchito imene imawapatsa ndi yolemera ngati ya chaka choyamba cha yunivesite. Zigawo zina zili ndi mapulogalamu awoawo: North Carolina inatsegula Governor's School mu 1963, ndipo California ili ndi COSMOS, ya milungu inayi, pa mayunivesite a boma a chigawocho.

N'chifukwa chiyani ambiri amaumirira kuti ana azigona pamodzi, pamene kuphunzitsa pa intaneti n'kotsika mtengo? Yankho labwino linachokera kwa Uri Treisman wa ku yunivesite ya California ku Berkeley. M'zaka za m'ma 1970 iye anadabwa kuona ophunzira akuda, amene anabwera atakhoza bwino kusekondale, akulephera calculus. Anzake ankati mwina ndi ulesi, kapena kusakonzeka, kapena makolo osalimbikitsa. Iye anasankha kukaona yekha. Anatsatira ophunzira akuda 20 ndi ochokera m'mabanja a Chitchaina 20, n'kumaona mmene amawerengera. Anapeza kuti akudawo ankalimbikira ndithu, koma aliyense payekha, atadzitsekera. Anzawo aja akamaliza kuwerenga paokha ankakumana, kudyera limodzi, kuonetsana mayankho ndi kutsutsana. Wina akalakwitsa ankadziwa usiku womwewo, ndipo funso likakhala lovuta kwa onse ankadziwa kuti vuto ndi funsolo, osati mitu yawo. Wowerenga yekha uja analibe poyezera. Treisman anayambitsa timagulu togwirira ntchito pamodzi, ndipo mochenjera sanatitche tothandiza ofooka. Anati ndi ta akatswiri, n'kupereka mafunso ovuta kuposa a m'kalasi. Zotsatira zinasintha kwambiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mapulogalamu a patchuthi amakakamiza mwana kuzolowera zimenezi asanafike kumene kulibe womukakamiza.

Kodi zimagwiradi ntchito?

Apa pafunika kusamala. Pulogalamu iliyonse imanyadira kuti ana ake ambiri analowa mayunivesite otchuka. Koma ngati mwasankha ana 80 akuthwa kwambiri pa zikwi zofunsira, ambiri akanalowa kumeneko ngakhale akanakhala kunyumba tchuthi chonse akuonera kanema. Njira yokhayo yodziwira zoona ndi kuchita maere pakati pa ana ofanana, ena alowe ena atsale, kenako kuwatsatira kwa zaka.

Zoterezi zachitikapo kangapo, ndipo mayankho sagwirizana. Kafukufuku wamkulu wa Upward Bound, amene bungwe la Mathematica linachita ndipo lipoti lake lomaliza linatuluka mu 2009, sanapeze kusiyana kooneka pa chiwerengero cha olowa koleji. Koma akatswiri ena a mu unduna wa zamaphunziro anatsutsa poyera, ponena kuti malo amodzi okha mwa malo onse amene anafufuzidwa anapatsidwa kulemera kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zotsatira zonse, ndipo kuti ambiri mwa ana otsala aja anakapeza thandizo lofanana kwina. Ku Texas, makoleji asanu ndi atatu anayesa maphunziro a milungu yochepa a ana amene angomaliza sekondale koma masamu awo ndi ofooka. Poyamba anawo ankakhoza kalasi yoyamba ya masamu ya pakoleji kuposa anzawo, koma pofika kumapeto kwa zaka ziwiri kusiyanako kunazilala, ndipo sanakhalitse pakoleji kuposa enawo. Kumbali ina, kafukufuku wa maere amene Sarah Cohodes, Helen Ho ndi Silvia Robles anatulutsa mu 2022, wokhudza mapulogalamu a pa yunivesite ina yotchuka ya sayansi, anapeza kuti ana amene analowa anali ndi mwayi wokulirapo wolowa makoleji apamwamba, womaliza, ndi wotuluka ndi digiri ya sayansi kapena uinjiniya.

Mmene ndikuwerengera ine, zotsatirazi sizikutsutsana kwenikweni. Pamene milungu ingapo ikugwiritsidwa ntchito ngati chigamba, kubwereza masamu akale mothamanga kenako mwana n'kusiyidwa yekha, phindu limauma msanga. Pamene milunguyo yasintha kumene mwana akufunsira malo, anzake amene akuyenda nawo, ndi mmene amadzionera, phindu limakhala. Chitsanzo chodziwika ndi Meyerhoff Scholars ya ku University of Maryland, Baltimore County, imene inayamba mu 1988 motsogozedwa ndi Freeman Hrabowski. Ili ndi milungu isanu ndi umodzi yokhwima ya patchuthi koleji isanayambe, koma imeneyo ndi khomo chabe. Kuseri kwake kuli zaka zinayi za ndalama za sukulu, alangizi, timagulu towerengera ndi ntchito ya m'labotale, ndipo ophunzira ake akuda ambiri apita mpaka ku digiri yapamwamba kwambiri ya sayansi, ija amati PhD.

Nkhani ya ndalama nayo siyenera kubisika. Pambali pa mapulogalamu onsewa pamera msika waukulu wa maphunziro olipira, ochitikira pa mayunivesite a maina akuluakulu, ena a milungu iwiri yokha koma mtengo wake madola zikwi zingapo. Ena amayendetsedwa ndi makampani amene angobwereka zipinda. Si onse oipa, ndipo mwana angasangalale n'kuphunzirako kanthu. Koma kholo limene likuganiza kuti likugula malo a pa yunivesiteyo likudzinamiza, chifukwa osankha ophunzira amadziwa kusiyanitsa pulogalamu imene mwana analowa chifukwa cha ntchito yake ndi imene analowa chifukwa cha chikwama cha makolo. Ngakhale yaulere ili ndi mtengo wobisika: wachinyamata amene banja lake limadalira kaganyu kake ka patchuthi amataya malipiro a milungu isanu ndi umodzi. Ndiponso aulere odalira boma amakhala ndi nkhawa chaka ndi chaka. Mu 2025 ndondomeko ya bajeti yochokera ku White House inapempha kuti ndalama za TRIO zichotsedwe zonse.

Chizindikiro chimodzi chothandiza kuzindikira pulogalamu yeniyeni ndi mmene imasankhira. Ross, PROMYS ndi Mathcamp sadalira kwambiri magiredi. Amatulutsa mafunso ochepa ovuta m'miyezi yozizira, n'kupatsa wofunsira milungu yambiri yoti alimbane nawo kunyumba. Sayembekezera kuti onse atheke. Owerenga amafuna kuona zimene mwana anayesa, pamene anakanika, zitsanzo zimene anawerengera pamanja, ndi mmene anafotokozera theka limene analipeza. Mafomu a mapulogalamu a masamuwa ambiri amatsekedwa cha mu Febuluwale kapena Malichi, pamene a Research Science Institute amatsekedwa kale kwambiri, chapakati pa nyengo yozizira, tchuthicho chikadali kutali ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi.